Kodi Namzeze ndi wa Yani?

Chaka chili chonse, m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene ife kuno tikupsa ndi dzuwa ndi kumayang'ana kumwamba ngati mitambo yayamba kusonkhana, ku Ulaya kumakhala kukuyamba kuzizira. Masamba amayoyoka, tizilombo touluka timasowa, ndipo mbalame zimene zimadya tizilomboto zimanyamuka ulendo wa kumwera. Pa nthawi imeneyi kuli anthu amene amadzuka mbandakucha, natenga magalasi oonera patali ndi kabuku, nakaima pamene mtunda wathera m'nyanja kuti awerenge mbalame zimene zikudutsa. Ku Falsterbo m'dziko la Sweden akhala akuwerenga motere chaka ndi chaka kuyambira 1973. Pa chilumba cha Heligoland ku Germany ntchito yoyang'anira mbalame za paulendo inakhazikitsidwa mu 1910. Ambiri mwa anthu owerenga mbalame ku Ulaya salandira malipiro. Amangochita chifukwa chokonda.

Mau amene amamveka kawirikawiri pakati pao masiku ano ndi odandaula. Achikulire amene anayamba ntchitoyi ali anyamata amati kale zitsamba za m'mphepete mwa nyanja zinali kudzaza ndi timbalame toyimba titatera kuti tipume, koma tsopano munthu amatha kuyenda m'mawa wonse naona towerengeka chabe. Mwina wina mwa inu, amai anzanga, afunsa kuti, "Nanga za azungu ndi mbalame zao zikutikhudza bwanji ife a ku Katete, ku Petauke kapena ku Matero?" Zikutikhudza kaamba kakuti zambiri mwa mbalame zimene akuzisowazo zimakhala pa ulendo wobwera ku Africa kuno, ndipo zina zimafika m'minda mwathu momwemu.

Anamzeze tili nao a mitundu ingapo. Alipo aja amene amamanga zisa zamatope pansi pa denga la sukulu kapena la tchalitchi. Amenewo amaswera konkuno. Koma alipo ena amene amafika mvula ikayandikira, a pakhosi pofiirira ndi pamimba poyera, amene amandandalika pa mawaya a magetsi ngati zovala pa chingwe. Amenewo simudzawaona akumanga chisa. Zisa zao zili m'makola a ziweto za alimi a ku Ulaya ndi ku Asia. Kuno amabwera kudzadya inswa ndi tizilombo tina ta m'dzinja, ndipo mu Malichi ndi Epulo amabwerera.

Azungu eni ake sanali kudziwa kumene mbalame zao zimapita. Kwa zaka mazana ambiri ena anali kukhulupirira kuti anamzeze amagona m'matope pansi pa madzi nyengo yonse ya chisanu. Mu 1822 pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany kunaphedwa dokowe amene anali ndi mkondo wa ku Africa utamulasa m'khosi. Anauluka nao ulendo wonse, ndipo mpaka lero thupi lake likusungidwa ku Rostock. Mu 1899 mphunzitsi wina wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete tachitsulo tokhala ndi manambala pa mwendo. Mu 1911 namzeze wina anavekedwa mphete ku Staffordshire ku England, ndipo mu Disembala 1912 anagwidwa pa famu ina pafupi ndi Utrecht ku Natal, ku South Africa. Munthu wina kumeneko anawerenga zolembedwa pa mpheteyo nalemba kalata ku London. Ndi pamene Angelezi anadziwa kuti namzeze wa m'khola mwao amadutsa Africa yense.

Akatswiri amati timbalame ting'onoting'ono tokwana mabiliyoni awiri timaoloka kuchokera ku Ulaya kubwera kumwera kwa chipululu cha Sahara chaka chili chonse. Tambiri timauluka usiku. Tisanaoloke chipululu timadya kwambiri kuti tinenepe, tina mpaka kulemera kuwirikiza kawiri, pakuti mafutawo ndiwo kamba wa paulendo. Kalipo kena kobiriwira pang'ono kamene Angelezi amakatcha willow warbler, kamene kamapezeka m'mitengo ya kwathu kuno m'dzinja. Kamalemera magalamu 10 kapena kucheperapo, ngati shuga wa pa masupuni aang'ono awiri. Mu 2018 ofufuza anaonetsa kuti tina mwa timeneti timachokera kum'mawa kwenikweni kwa Russia, mtunda wa makilomita 13,000. Amai amene munakwerapo basi kuchoka ku Chipata kupita ku Lusaka, ulendo wosafika makilomita 600, n'kufika miyendo itatupa, ganizirani zimenezo.

Koma kambalame kamene kamandichititsa chidwi koposa ndi kamene amakatcha marsh warbler. Kalibe maonekedwe, ndi kotuwa, kamabisala m'zitsamba zowirira. Mai wina wa ku Belgium, Françoise Dowsett-Lemaire, anamvetsera nyimbo ya kambalameka kwao ku Ulaya napeza kuti kamatsanzira kulira kwa mbalame zina. Zina anazizindikira, koma zambiri sanazidziwe mpaka atabwera ku Africa. Mu 1979 anafalitsa zimene anapeza: mitundu ya mbalame yoposa 200 inali kumveka m'nyimbo za timbalameti, ndipo yoposa theka inali ya ku Africa. Kamwana kake kamaphunzira nyimbo chaka chake choyamba, m'njira monse kamene kadutsa, ndipo kakabwerera kumpoto kamayimba zimene kanamva kuno. Ndiye kuti m'munda wa mlimi wa ku Belgium mumamveka pumbwa wa ku Africa, mwini mundayo osadziwa. Mai ameneyu anakhalako muno m'Zambia, ndipo ndi mmodzi mwa atatu amene analemba buku lalikulu la mbalame za dziko lino limene linatuluka mu 2008.

Tsono kodi n'zoona kuti timbalameti tachepa, kapena ndi kudandaula kwa okalamba kumene tonse timakudziwa, kuti kale zonse zinali bwino? Funsoli ndi loyenera. Chaka chimodzi sichikwanira kuweruzira. Kumwamba kukakhala koyera ndi mphepo yabwino, mbalame zimadutsa m'mwamba kwambiri usiku osatera, ndipo owerenga amabwerera kunyumba ndi kabuku kopanda kanthu chonsecho mbalame zinalipo. Ndicho chifukwa chake kulemba kwa zaka zambiri kuli kofunika kuposa kukumbukira kwa munthu mmodzi. Ndipo zolembedwazo zikugwirizana ndi okalamba aja. Mu 2019 kafukufuku wina anaonetsa kuti ku United States ndi ku Canada mbalame zinachepa ndi pafupifupi mabiliyoni atatu kuyambira 1970, kumene kuli ngati kutaya zitatu pa khumi zili zonse. Mu 2021 kafukufuku wina anapeza kuti m'maiko a European Union munasowa mbalame pafupifupi mamiliyoni 600 kuyambira 1980. Ku Britain kambalame kogwira ntchentche kotchedwa spotted flycatcher, kamene mtundu wake umapezekanso kuno m'dzinja, kachepa kwambiri kotero kuti pa khumi tili tonse ta m'zaka za m'ma 1960 kwatsala kamodzi. Si mitundu yonse imene ikuchepa, ina ikuchuluka ndithu. Koma za m'minda ndi za ulendo wautali ndizo zili pa mavuto.

Apa ndi pamene pali funso limene ndikufuna tiganizire pamodzi. Mbuzi ikasowa m'mudzi, mwini wake amadziwika, ndipo ngati yabedwa wakuba amafunidwa. Nanga namzeze ndi wa yani? Mlimi wa ku Poland amati ndi wake chifukwa anaswedwa m'khola mwake. Ife timati ndi wathu chifukwa amatiuza kuti mvula yafika, ndipo amakhala nafe pafupifupi theka la chaka. A ku Egypt amamuona akudutsa kawiri pa chaka. Onse amamuona, koma palibe amene amamuwerengera pa chuma chake. Ndipo akachepa, palibe munthu mmodzi amene tingamuloze chala.

Taonani mmene zimachitikira. Mlimi wa ku Ulaya amachotsa zitsamba za m'malire kuti thirakitala iyende bwino, nathira mankhwala kuti akolole zambiri. Sadana ndi mbalame. Koma mu 2017 gulu la anthu okonda tizilombo la ku Krefeld ku Germany, limene linakhala likutchera ndi kuyeza tizilombo touluka kwa zaka 27, linaonetsa kuti tachepa ndi magawo atatu mwa anai, ngakhale m'malo otetezedwa. Mbalame yodya tizilombo idzadyetsa chiyani ana ake? Mu 2023 ofufuza amene anasanthula zolembedwa za maiko 28 a ku Ulaya anapeza kuti ulimi wodalira kwambiri mankhwala ndi feteleza ndiwo uli patsogolo pochepetsa mbalame kumeneko, ndi kuti mbalame za m'minda zinachepa ndi 57 pa 100 pakati pa 1980 ndi 2016. Mbalame imene yapulumuka pamenepo imafika ku nyanja ya Mediterranean, kumene bungwe la BirdLife International mu 2015 linati mbalame pafupifupi mamiliyoni 25 zimaphedwa mophwanya lamulo chaka chili chonse. Imene yapulumuka maukonde imaoloka Sahara. Ikafika kuno imapeza mtengo umene inateramo chaka chatha uli m'thumba la malasha, dambo lasanduka dimba, tchire lapsa ndi moto wa osaka mbewa.

Aliyense wa anthu amenewa watengako pang'ono chabe, ndipo aliyense ali ndi chifukwa chomveka. Zili ngati chitsime cha pampu cha mudzi wonse. Wina amapopa mwamphamvu chifukwa wachedwa, wina amalola ng'ombe kupondaponda pa simenti, wina amaona kuti chitsulo chagwedera koma amati a komiti adzaona. Tsiku limene pampu yafa, mudzi wonse umabwerera kumtsinje, ndipo mukafunsa amene waononga, aliyense amalumbira moona kuti si iye. Maganizo anga ndi akuti mlandu ukagawika pakati pa anthu ambiri sutha ayi. Umangosowa woupepesa. Gawo la munthu aliyense limakhalapobe, ngakhale ndi laling'ono losaoneka ndi maso.

Komabe pali mau otsutsa amene sindifuna kuwapeputsa, chifukwa ndi a mai amene ndimamulemekeza, mai wa ana asanu amene nkhokwe yake imatha Disembala asanafike. Iye anganene kuti, "Mwana wanga wapha timbalame tiwiri ndi legeni, tadyera nsima. Kodi walakwa? Mu 2024, pamene chilala chinapsereza chimanga, madzi a ku Kariba anatsika ndipo magetsi anali kuzima tsiku lonse, tonse tinaphikira pa mbaula. Mukanafuna tiphikire chiyani? Azunguwo anatha nkhalango zao, analemera, ndipo tsopano akufuna ife tisunge mbalame zao ndi njala yathu."

Mai ameneyu akunena zoona zambiri. Mwana wa legeni uja ine sindimuweruza. Ndipo mlandu suli wolingana. Ku Cyprus kutchera timbalame ta paulendo kunaletsedwa mu 1974, koma kumachitikabe. Amatchera ndi ulimbo wonga womwe ana athu amaudziwa, ndiponso ndi maukonde aatali osaoneka bwino. Usiku amaika makina oliza kulira kwa mbalame kuti zimene zikudutsa m'mwamba zitatopa ziganize kuti pansipo pali anzao, zitere. M'mawa amazigulitsa mobisa m'malo odyera pa mtengo wokwera, kwa anthu okhuta amene akungofuna kukoma. Kuitana mlendo ndi mau a m'bale wake kuti umuphe! Ameneyo sangaime pamzere umodzi ndi mwana wanjala. Chimodzimodzi mlimi wa mahekitala mazana amene amapopera mankhwala ndi makina sangafanane ndi mai wa kadimba ka matimati.

Koma kuti wina ali ndi mlandu waukulu sikuchotsa wanga waung'ono. Ana athu timawaphunzitsa zimenezi tsiku ndi tsiku: ukanena kuti "uje anatenga zambiri kuposa ine" sunayankhe funso la amai ako. Ndipo si zonse zimene timachita zimachokera ku njala. Kutentha tchire lonse la mudzi mu Seputembala pofuna mbewa zodzaza kambale kamodzi si njala. Kutsukira chopopera mankhwala a thonje mumtsinje si njala. Mnyamata amene amalasa namzeze pa waya kuti aonetse anzake kuti ali ndi dzanja, nasiya kambalameko pansi, sanatumidwe ndi m'mimba. Kusiyanitsa kusowa ndi dyera, kapena kusowa ndi kusasamala, ndi ntchito imene ife azimai timaidziwa bwino, chifukwa ndife timagawa ndiwo. Chilamulo cha Mose chili ndi langizo pa nkhani yomweyi pa Deuteronomo 22:6-7. Munthu wopeza chisa analoledwa kutenga ana kapena mazira, koma make anayenera kumusiya apite. Lamuloli silikuletsa kudya. Likuletsa kudya mothetsa mbeu. Mlimi aliyense amene amasunga chimanga cha mbeu pamwamba pa moto, ana akulira njala, akulimvetsa popanda womasulira.

Ena pofuna kutikopa amati tisunge mbalame chifukwa zimatithandiza, ndipo n'zoona. Dziko la China linaphunzira zimenezi mowawa. Mu 1958 boma linalamula anthu onse kupha mpheta chifukwa zinali kudya mbeu. Anthu anaomba mapoto ndi ng'oma kuti mbalame zisatere mpaka zinagwa ndi kutopa, anaphwasula zisa, anaswa mazira. Zitatha mpheta, dzombe ndi tizilombo tina tinachuluka. Njala yaikulu ya 1959 mpaka 1961 inali ndi zifukwa zambiri zoposa mpheta, koma pofika 1960 boma lomwelo linaleka nkhondo yolimbana nazo. Ife amene takhala tikulimbana ndi mbozi za m'chimanga kuyambira 2016 sitifunika kuuzidwa phindu la chamoyo chimene chimadya tizilombo kwaulere.

Ngakhale zili tero, ine sindikhutira ndi chifukwa cha phindu chokha. Ngati tisunga chinthu kaamba kakuti chikutipindulitsa, tsiku limene tidzapeza mankhwala ogwira ntchito yake tidzachitaya. Ndipo kambalame koyimba nyimbo za ena kaja, phindu lake m'munda mwanga ndani angaliyeze? Makolo athu anali ndi njira ina yoganizira. Mlendo akafika pakhomo sanali kumufunsa kuti atithandiza chiyani. Anali kumupatsa madzi ndi pogona chifukwa wachokera kutali ndipo ali m'manja mwao. Anati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa, choncho usaumire naye. Sindikunena kuti mbalame ndi munthu. Mwana akadwala ndipo nkhuku iyenera kugulitsidwa, igulitsidwe. Koma khalidwe limene limatiletsa kuchitira nkhanza chofooka chimene chili m'manja mwathu ndi limodzi, kaya chofookacho ndi mwana wamasiye, bulu wa pangolo kapena kambalame kotopa. Mwana amene wazolowera kuzunza tamoyo popanda womudzudzula, mtima wake ukuphunzira kanthu, ndipo sadzakagwiritsa ntchito pa mbalame zokha.

Tibwerere kwa anthu a kabuku aja, chifukwa pali china chimene amachita chimene ndimachiona kuti ndi chamtengo. Kunena zoona, kwa ife kuona munthu wamkulu akutha tsiku akuwerenga mbalame kumaoneka ngati kusowa chochita. Koma timawerenga chiyani ife? Madzulo timawerenga nkhuku zikamalowa m'khola. Timawerenga ana tisanatseke chitseko. Ku Chigwirizano mlembi akaitana maina ndipo mai wina wasowa milungu itatu, timatuma anthu kukamuona. Timawerenga zimene timasamala, ndipo chimene sichiwerengedwa chimatha popanda wodziwa.

Kutha kwa pang'onopang'ono kuli ndi chinyengo chake. Katswiri wa za nsomba Daniel Pauly anafotokoza mu 1995 kuti mbadwo uli wonse umayesa kuti mmene unapezera zinthu uli mwana ndi mmene zimayenera kukhalira. Agogo anaona nkhanga zikudutsa m'mudzi m'magulu, amai anaziona kumunda mwa apo ndi apo, mdzukulu amadziwa nkhanga ya m'khola chabe, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene akumva kuti waberedwa kwambiri. Ku America kunali mtundu wa njiwa zotchedwa passenger pigeon, zochuluka mabiliyoni, zimene zinali kuphimba dzuwa zikamadutsa. Anthu anazipha ndi kuzitumiza m'mizinda m'migolo, poganiza kuti chochuluka motero sichingathe. Yomaliza inafa pa 1 Seputembala 1914 m'malo osungira nyama ku Cincinnati. Ana obadwa pambuyo pake sanaisowe, chifukwa sanaione.

Nthawi zina kusowa kwa mbalame kumakhala uthenga wa mavuto a anthu. Mu 1969 owerenga a ku Britain anadabwa kuona kuti kambalame kotchedwa whitethroat, kamene kanali ponseponse chaka chapitacho, pafupifupi 7 mwa 10 sitinabwerere kuchokera ku Africa. Atafufuza anapeza kuti chifukwa chake chinali chilala ku Sahel, dera la kumwera kwa Sahara kumene timbalameti timakhala nyengo ya chisanu cha kwao. Patapita zaka zitatu kapena zinai, dziko lonse linamva za njala yoopsa ya ku Mali, Niger, Chad ndi maiko oyandikana nao, kumene kunafa anthu ambiri ndi ziweto zosawerengeka. Mvula imene inasowa kwa kambalame ndi yomweyo inasowa kwa mai wa ku Niger. Choncho mai wa ana asanu uja ndi namzeze sali mbali ziwiri zolimbana monga mmene zimaonekera poyamba. Mtengo umene mbalame imateramo ndi womwewo umagwira nthaka ya m'munda, ndipo dambo limene anamzeze amagona m'bango lake ndi lomwelo limasunga madzi a m'chitsime mu Okutobala.

Kodi anthu angasinthe? Nkhani ya ku Pangti, mudzi wa ku Nagaland kumpoto chakum'mawa kwa India, imandilimbitsa mtima. Kuli kabawi wamng'ono wotchedwa Amur falcon amene amaswera ku Siberia ndi kumpoto kwa China, napuma ku Nagaland mu Okutobala, naoloka nyanja yaikulu kubwera kumwera kwa Africa, kuphatikizapo kuno, kudzadya inswa. Si mbalame yoyimba, koma ulendo wake ndi womwewo. Mu 2012 zinadziwika kuti asodzi a kumeneko anali kutchera akabawi oposa 100,000 chaka chili chonse ndi maukonde a nsomba, n'kumawagulitsa. Anali anthu osauka, ambiri minda yao inamira pamene kunamangidwa damu la Doyang. Akuluakulu a midzi, boma, mabungwe ndi mipingo anakhala pansi, ana a sukulu anaphunzitsidwa za ulendo wa mbalameyi, ndipo mu 2013 kupha kuja kunalekeka. Alendo anayamba kubwera kudzaona akabawiwo, ndipo ena mwa otchera akale anasanduka owalondera. Chimene chinagwira mtima anthu ambiri ndi kudziwa kumene mbalameyo ichokera ndi kumene ikupita. Asanadziwe inali nyama chabe.

Ku Chicago usiku umodzi mu Okutobala 2023 timbalame ta paulendo pafupifupi 1,000 tinafa pogunda magalasi a nyumba yaikulu yotchedwa McCormick Place, titasokonezeka ndi magetsi. Anthu amene amatola ndi kuwerenga mbalame zakufa pamalopo anaonetsa dziko zithunzi, ndipo chaka chotsatira eni nyumbayo anamata timadontho pa magalasi kuti mbalame ziziwaona. Imfa zinatsika kwambiri. Ku France, Spain ndi Portugal kuwombera njiwa za paulendo kunaimitsidwa mu 2021, ndipo patangotha zaka ziwiri njiwazo zinachuluka ndi gawo limodzi mwa anai. M'nkhani zonsezi panayamba munthu amene anawerenga nanena.

Kuno kwathu owerenga ndi ochepa. Bungwe la BirdWatch Zambia, limene linayamba mu 1969 ndi dzina la Zambian Ornithological Society, limayesetsa, koma dziko ndi lalikulu ndipo lili ndi mitundu ya mbalame yoposa 750. Pamene ku Ulaya akudziwa chiwerengero cha mbalame zao chaka ndi chaka, za zimene zimachitika kwa mbalame zomwezo zikafika ku Africa zimadziwika pang'ono. Chonsecho amene amakhala kumunda dzuwa lisanatuluke, amene amatunga madzi kudambo, amene amadziwa kuti chaka chino anamzeze afika mochedwa, ndi ife. Agogo ambiri m'mipingo mwathu amadziwa maina a mbalame amene adzukulu ao a m'tauni sanawamvepo, ndipo mainawo akupita nao kumanda limodzi ndi chikumbukiro cha kuchuluka kwake. Kukhala pansi ndi agogo otere, kuwafunsa mbalame zimene zinali kubwera ndi mvula pamene anali atsikana, ndi kulemba m'kope pamodzi ndi tsiku limene mwaona namzeze woyamba chaka chino, sikufuna ndalama. Nkhanga zinapangana kusanapse. Nkhani ya moto wa m'tchire ndi ya bango la kudambo ndi yofunika kuifikitsa kwa a nyakwawa tchire lisanaume, ndipo mau a azimai makumi atatu ogwirizana samanyozeka pabwalo.

Ndipo ngati tsiku lina mwana abwera ndi kambalame kokhala ndi mphete pa mwendo, musafulumire kuganiza zamatsenga kapena kutaya mpheteyo pamoto. Lembani manambala ndi mau onse amene ali pamenepo, tsiku, ndi dzina la mudzi. Ngati kali moyo, kamasuleni ndi mphete yake. Uthengawo mungaupereke kwa a BirdWatch Zambia ku Lusaka, kapena kwa aphunzitsi a sukulu kuti autumize pa intaneti ku ofesi yosunga kaundula wa mphete za mbalame ku Cape Town. Kuchokera kumeneko umapita ku dziko limene mpheteyo inachokera, mwina Finland, mwina Hungary, ndipo munthu amene anagwira kambalameko m'manja mwake m'mawa wina wozizira amauzidwa kuti kanafika ku Chadiza.